Kodi wosadziwa kusambira angapite nawo kukaona nsomba ku Blue Bay?

Mayi wina wokhala ku Johannesburg walemba motere: "Ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga ndalama kwa nthawi yaitali, ndipo mu December tidzakwera sitima yapamadzi ya MSC ku Durban kupita ku Mauritius pamodzi ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 9. Pa maulendo amene akutsatsa tsiku limene sitima idzaime ku Port Louis, pali wina wokakwera boti ku Blue Bay, kumene akuti anthu amalowa m'madzi atavala magalasi ndi kapaipi kopumira n'kumaona nsomba. Ine kusambira sindidziwa, ndipo madzi akangondifika m'chifuwa mtima umayamba kugunda. Bambowa anakulira ku Nkhotakota ndipo amasambira bwino, koma ali ndi zaka 56 ndipo amamwa mankhwala a BP. Iwo akuti palibe choopa. Kodi ndilipire ulendowu, kapena nditsale m'sitima? Nanga mwanayu?"

Mayi, lipirani ulendowo ndipo musatsale m'sitima. Pa zaka zimene ndakhala ndikulowetsa alendo m'madzi, poyamba ku Cape Maclear kenako m'nyanja yamchere, ndaona anthu ambiri osadziwa kusambira akuona nsomba bwinobwino n'kutuluka akusangalala, chifukwa chimene chimayandamitsa munthu pa maulendo oterewa ndi jekete, osati mphamvu za manja ndi miyendo yake. Mantha anuwo sakundidetsa nkhawa, pakuti munthu wamantha amamvera malangizo, amamanga jekete mpaka kuthina ndipo satalikirana ndi boti. Amene ndikufuna kuti tikambirane mofatsa ndi bambowo, ndipo ndifika kwa iwo ndikakufotokozerani za malo amene mukupitawo.

Gombe la Mauritius, pafupifupi lonse, linazunguliridwa ndi mzere wa matanthwe a korali (matanthwe opangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja) amene ali chapatali pang'ono ndi mtunda. Mafunde akuluakulu a Indian Ocean amasweka pamatanthwewo, kotero kuti madzi a pakati pa matanthwe ndi mchenga, amene eni ake amawatchula kuti lagoon, amakhala odekha ndi oyera mpaka kuona pansi. Blue Bay ili kum'mwera chakum'mawa kwa chilumbachi, pafupi ndi tauni ya Mahébourg ndi bwalo la ndege. Boma linapanga malowa kukhala otetezedwa mu 1997, ndipo mu 2008 analowa pa mndandanda wa Ramsar wa malo amadzi ofunika padziko lonse. Kukula kwake ndi mahekitala 353, ndipo muli korali wina wamkulu wozungulira amene akatswiri amati watha zaka pafupifupi 1,000. Mwina munamva za sitima ya MV Wakashio imene inagunda matanthwe a ku Pointe d'Esny, pafupi pomwepo, pa 25 July 2020 n'kutaya mafuta okwana matani pafupifupi 1,000. Ntchito yoyeretsa gombe inachitika ndipo maboti a alendo anayambiranso kuyenda. Komabe musayembekezere kuti paliponse padzaoneka monga pa zithunzi zotsatsira malonda, chifukwa makorali ena anayera n'kufa kaamba ka kutentha kwa madzi. Nsomba zokha zilipo zambiri, zamizeremizere ndi zamawangamawanga, ndipo zimafika pafupi kwambiri ndi munthu.

Kudekha kwa madziwo kumapusitsa anthu pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuya kwake. Pamene boti limaima kuti anthu alowe, madzi amakhala akuya mamita angapo, koma chifukwa ndi oyera, ndiponso chifukwa magalasi a m'madzi amaonetsa zinthu ngati zili pafupi ndi zazikulu kuposa mmene zilili, munthu amaganiza kuti akatsitsa miyendo aponda pansi. Akalephera kuponda amadzidzimuka, amadzutsa mutu mofulumira n'kumeza madzi, ndipo madzi amchere amawawa pakhosi n'kuyambitsa chifuwa. Lowani mukudziwiratu kuti simudzaponda pansi ndiponso kuti simukufunika kuponda. Chachiwiri ndi kuyenda kwa madzi. Mafunde akamasweka pamatanthwe amathira madzi m'kati mwa lagoon tsiku lonse, ndipo madziwo amabwerera kunyanja kudzera m'mipata imene ili pamzere wa matanthwe. Pafupi ndi mipata imeneyi madzi amakoka mwamphamvu, makamaka nyanja ikamaphwa, pamene pamwamba pakuoneka pabata. Woyendetsa boti wodziwa ntchito amaimika boti kutali ndi mipatayi ndipo amakuuzani malire. Malire amenewo musawadutse ngakhale mutaona kamba wa m'madzi akusambira chapatsogolo.

Kwa inu pali njira zitatu, ndipo palibe imodzi yochititsa manyazi. Maboti ambiri a ku Blue Bay ali ndi galasi pansi, moti munthu amaona makorali ndi nsomba ali chikhalire, zovala zili zouma. Mukhozanso kutsika pa makwerero a boti mutavala jekete, n'kugwira chingwe kapena chubu choyandama chimene wotsogolera amakoka, n'kuviika nkhope yokha. Njira yachitatu ndi yoyandama nokha pafupi ndi boti. Ine ndingakonde kuti muyambe ndi chubucho, chifukwa anthu ambiri amene ndawagwira dzanja amachisiya okha pakapita mphindi zochepa, akazindikira kuti thupi silikumira. Madzi amchere ndi olemera pang'ono kuposa a Nyanja ya Malawi, ndipo amanyamula thupi mosavuta. Nkhawa ya likodzo nayonso muisiye kumudzi, pakuti nkhono zimene zimafalitsa matendawa sizikhala m'madzi amchere.

Zipangizo ndizo zimakometsa kapena kuwononga tsikulo, ndipo ambiri amangolandira zimene apatsidwa osaziyesa. Magalasi ayeseni motere muli m'boti: aikeni kunkhope osakoleka lamba, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, kenako chotsani dzanja. Akamatirira kunkhope ndiye kuti akukwanani, koma akagwa pemphani ena. Tsitsi lisapanike pansi pa mphira wa pachipumi, chifukwa ngakhale tingapo tokha timalowetsa madzi. Ngati mudzaluke tsitsi la ulendowu, uzani wolukayo kuti asaike mfundo yaikulu kunkhongo pamene pamadutsa lamba, ndipo wigi idzatsale m'chikwama. Kwa bambo, ndevu za pamlomo wam'mwamba zimalowetsa madzi pansi pa mphuno, choncho azichepetse kapena apakepo Vaseline pang'ono. Kuti magalasi asachite nkhungu, lavulirani m'kati mwake akadali ouma, pakani ndi chala n'kutsukuluza kamodzi. N'zosaoneka bwino, koma ndi zimene tonse a ntchitoyi timachita. Kapaipi kopumira, kamene amakatcha snorkel, musakalume mwamphamvu, ingokagwirani ndi milomo n'kumapuma pang'onopang'ono ndi pakamwa. Madzi akalowamo, uzirani kamodzi mwamphamvu, kapena ingodzutsani mutu, kachotseni pakamwa n'kupuma, popeza jekete likukugwirani. Pali magalasi ena ophimba nkhope yonse amene amaoneka osavuta kwa oyamba kumene. Ine sindiwakonda, chifukwa otsika mtengo amasunga mpweya woipa umene munthu watulutsa, ndipo savuka msanga munthu akadzidzimuka.

Mwezi umodzi kapena iwiri musananyamuke, gulani magalasi ndi snorkel zanu, mupite kudziwe losambiramo la pafupi ndi kwanu, muime pamene madzi akulekeza m'chiuno n'kuzolowera kupuma nkhope ili m'madzi. Mukachita zimenezi maulendo angapo, tsiku la ku Blue Bay lidzakupepukirani kwambiri.

Tsopano tibwere kwa bambo. Munthu wokulira kunyanja amakhulupirira thupi lake, ndipo ali ndi chifukwa chabwino, koma kusambira ndi snorkel kumapanikiza mtima ndi mapapo m'njira imene kusambira wamba sikuchita. Munthu akagona chafufumimba m'madzi, madziwo amafinya miyendo ndi mimba, magazi ambiri amasonkhana m'chifuwa, ndipo mtima umakhala ndi ntchito yoposa ya masiku onse. Pa nthawi yomweyo akukoka mpweya kudzera m'kapaipi kopapatiza, ndipo akamasambira mwamphamvu amakoka mwamphamvunso. Mwa anthu ena, makamaka amene ali ndi BP kapena vuto la mtima limene mwina sakulidziwa n'komwe, zimenezi zimachititsa kuti madzi a m'thupi momwemo alowe m'mapapo, munthuyo asanameze ngakhale dontho la madzi a m'nyanja. Ku Hawaii, kumene alendo ambiri omira m'nyanja amakhala kuti anali kusambira ndi snorkel, anachita kafukufuku wotchedwa Snorkel Safety Study, ndipo anapeza kuti vutoli limayenderana ndi matenda a mtima, kusambira modzikakamiza ndiponso snorkel yovuta kukokera mpweya. Chimene chimandiopsa n'chakuti munthu wotere sakuwa ndipo saphiriphitha. Amayamba ndi phuma, kenako kutopa kodzidzimutsa, manja ndi miyendo zimafooka, ndipo amakomoka ali chiyandamire, anzake n'kumaganiza kuti akuonabe nsomba.

Sindikunena kuti bambo asalowe m'madzi. Anthu ambiri a BP yoyang'aniridwa bwino amasambira popanda vuto lililonse. Chimene ndikupempha n'chakuti akaonane ndi dokotala wawo ulendo usanafike, amuuze mosabisa kuti akufuna kukasambira ndi snorkel, ndipo ayezedwe BP komanso mtima ngati dokotalayo aona kuti n'koyenera. Ngati amamva kupweteka kapena kuthina m'chifuwa, ngati amachita phuma pokwera masitepe, ngati mapazi amatupa, kapena ngati mtima umagunda modumphadumpha, ndiye kuti malo awo ndi pa galasi la pansi pa boti kufikira dokotala atawalola. Mankhwala a m'mawa adzamwe monga mwa masiku onse. Jekete adzavale ngakhale akudziwa kusambira, ndipo mukadzaona kuti akuchita manyazi, auzeni kuti mwana sangavale chimene bambo ake akukana. Akangomva kuti mpweya sukukwana, achotse snorkel pakamwa nthawi yomweyo, agone chagada, akweze dzanja kuitana boti, ndipo asabwererenso m'madzi tsiku limenelo. Palinso chizolowezi cha anyamata a kunyanja chopuma mofulumira kangapo asanadumphire pansi kuti akhalitse. Chimenechi asachite. Kupuma kotero kumachotsa mpweya woipa wa carbon dioxide, umene ndiwo umachenjeza thupi kuti nthawi yopuma yakwana, ndipo munthu amakomoka mpweya wabwino wa oxygen utatha asanamve chenjezo lililonse. Malangizo opita kaye kwa dokotalawa akukhudzanso aliyense wa mphumu, wa khunyu kapena wa shuga amene amabaya insulin.

Mwana wa zaka 9 angathe ndithu, ndipo ana amazolowera msanga kuposa akulu. Funsani polipira ngati boti lili ndi majekete a ana, chifukwa jekete la munthu wamkulu limakwera mpaka m'makutu mwana akalowa m'madzi, ndipo likhoza kumuvuka. Labwino ndi lokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Mukamumanga, mukokereni m'mwamba pamapewa a jeketelo. Likakwera kupitirira chibwano ndiye kuti n'lalikulu. Mugwirizane musanalowe kuti ndani akuyang'anira mwana, pakuti ngozi zambiri za ana zimachitika pamene kholo lililonse likuganiza kuti mnzake ndiye akumuona. Popeza inu mudzakhala mukulimbana ndi mantha anu, ndipo bambo akufunika kudzimvetsera okha, nzeru yabwino ndi yoti mwanayo agwire chubu cha wotsogolera limodzi ndi inu. Muuzeninso kuti asayandikire kumbuyo kwa boti kumene kuli injini, ndipo pokwera makwerero asakhale pansi pa munthu amene akukwera.

Simunafunse za shaki, koma ndikudziwa kuti funsolo lilipo mumtima. M'kati mwa lagoon ya Mauritius shaki si chinthu chodetsa nkhawa. Zimene zimavulaza anthu ndi zazing'ono ndipo zimakhala pansi. Pali tizilombo takuda tozungulira ta minga italiitali ngati ya nungu, totchedwa sea urchin, timene minga yake imathyokera m'phazi. Palinso nsomba yotchedwa stonefish, imene imagona phee pakati pa miyala osaoneka, ndipo ili ndi minga ya ululu woopsa pamsana. Zonsezi siziyamba munthu. Zimabaya wozipondayo kapena wozigwira. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa nsapato za mphira zoyendera m'madzi osaya, ndiponso lamulo loti manja asakhudze kanthu. Wina akabayidwa ndi stonefish, ululu wake umakhala waukulu nthawi yomweyo: phazi aliviike m'madzi otentha amene munthu angapirire osapsa, cha m'ma digiri 45, kwa mphindi 30 kapena kupitirira, ndipo athamangire naye kuchipatala osadikira kuona ngati zichepa. Chipatala chachikulu cha chigawo chimenecho ndi Jawaharlal Nehru Hospital ku Rose Belle, ndipo nambala ya ambulansi ku Mauritius ndi 114. Bala la korali limaoneka laling'ono koma limatukusira msanga, choncho litsukeni bwinobwino ndi sopo ndi madzi abwino. Kusaponda makorali kumatetezanso makoraliwo, amene ndi zamoyo zokula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo kuthyola korali kapena kutola zigoba m'malo otetezedwawa n'koletsedwa. Buledi musaponyere nsomba ngakhale ena a m'boti akuchita zimenezo.

Dzuwa la December ku Mauritius limawotcha khungu lakuda lomwe, ndipo munthu woyandama chafufumimba samva kuti msana, khosi ndi kuseri kwa miyendo zikupsa chifukwa madzi akumuziziritsa. Malaya a manja aatali osambira nawo amateteza kuposa mafuta odzola oteteza ku dzuwa, ndipo kwa mayi amene safuna kuonetsa thupi, malayawo pamodzi ndi leggings zimathetsa nkhani ziwiri nthawi imodzi. Chitenje chidzakudikireni m'boti, chifukwa m'madzi chimakulunga miyendo. Pamalo otsala pakani mafuta a SPF 30 kapena 50, makamaka opanda oxybenzone ndi octinoxate, mankhwala amene Hawaii inaletsa kugulitsa kuyambira mu 2021 pofuna kuteteza makorali. Za mseru ndi chizungulire mudzakhala mutadzidziwa kale, popeza kuchoka ku Durban sitima imatha masiku angapo panyanja isanafike ku Port Louis. Ngati mumavutika, mapiritsi a cinnarizine, amene amagulitsidwa ndi dzina la Stugeron, amamwedwa maola awiri ulendo usanayambe, koma amagonetsa, choncho ayeseni tsiku lina m'sitima musanawadalire, ndipo za mlingo wa mwana funsani wa ku pharmacy. Maboti ambiri amagawa mowa wa ramu wa ku Mauritius pa chakudya cha masana. Aliyense amene akufuna kumwa adikire mpaka kusambira kutatheratu, ndipo madzi akumwa akhale ambiri, makamaka kwa bambo ngati mankhwala awo ndi aja okodzetsa.

December ali m'kati mwa nyengo ya anamondwe, imene kumeneko imayamba mu November mpaka cha mu April kapena May. Namondwe Freddy, amene anatipweteka ife mu March 2023, anadutsa kumpoto kwa Mauritius mu February chaka chomwecho, ndipo Belal anasefukiza misewu ya Port Louis mu January 2024. A zanyengo a ku Vacoas amapereka machenjezo m'magawo anayi, ndipo chenjezo likaperekedwa maboti a alendo satuluka, nthawi zina sitima imene imasintha njira. Masiku ambiri a December amakhala abata ndipo madzi amakhala ofunda, kusiyana ndi miyezi ya June mpaka August pamene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, yomwe ija imafika kwathu ngati mwera, imawomba mwamphamvu mbali ya Blue Bay. Woyendetsa boti akanena kuti lero sitilowa m'madzi, musamuumirize chifukwa choti munalipira kale.

Pa nkhani ya kalipiridwe, ulendo wogula m'sitima umakhala wokwera mtengo kuposa wokambirana nokha pagombe, koma kwa banja limene likupita koyamba ndikulangizani wa m'sitimawo. Kuchoka ku Port Louis kufika ku Blue Bay ndi makilomita pafupifupi 50, ulendo wa ola limodzi pamsewu wopanda chothina, koma madzulo magalimoto amachuluka polowa mumzinda. Sitima imadikira basi ya ulendo umene yakonza yokha ikachedwa, pamene wopita payekha akachedwa amatsala, n'kudzilipirira yekha ndege. Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Mauritius ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku South Africa ndi ku Malawi, choncho tsatirani nthawi imene alengeza m'sitima, osati imene foni yasankha yokha. Mukasankha kupita panokha, kwerani boti lokhala ndi chiphaso cha Tourism Authority ya dzikolo, onani majekete ndi maso anu musanapereke ndalama, ndipo funsani ngati pali munthu amene amalowa m'madzi ndi alendo, kupatula amene amatsala m'boti kuwayang'anira. Boti limene lili ndi munthu mmodzi yekha wogwira ntchito zonse silikuyenerani.

Mukabwerera m'sitima, yang'ananani kwa maola angapo. Aliyense amene anatsamwa madzi ndipo akupitiriza kutsokomola, amene akupuma movutikira, amene akutulutsa makhololo a thovu kapena ofiirira, amene akumva kupweteka m'chifuwa, kapena mwana amene wafooka ndi kusinza mosazolowereka, apite kwa dokotala wa m'sitima usiku womwewo osadikira kuti kuche. Khutu likamapweteka kapena kutuluka madzi patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndiponso bala likafiira, kutupa n'kumatentha, kaonetseninso. Dokotala wa m'sitima amalipiritsa, ndipo mtengo wake si wochepa, choncho musananyamuke ku Johannesburg gulani inshuwalansi ya ulendo, muonetsetse kuti ikuphatikiza kusambira ndi snorkel ndiponso kunyamulidwa pa ndege ngati wina wadwala kwambiri, ndipo BP ya bambo muilembe pa fomu poyera, chifukwa matenda obisidwa ndiwo amachititsa kuti kampani ikane kulipira.